Zomera zobwera zamakedzana: mafunso ndi mayankho

Pali zomera zambiri zimene anthu amaziyesa mbadwa za dziko lawo chifukwa anazipeza zikumera, ndipo agogo awo nawonso anazipeza zikumera, pamene zoona zake n'zakuti zinachita kubwera ndi anthu kuchokera kutali zaka mazana kapena zikwi zapitazo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma alendo amene tikukamba panowa sanakamuke: anamera mizu, anabereka, ndipo ena mwa iwo akudyetsa mitundu yathunthu ya anthu mpaka lero.

Kodi zomera zobwera zamakedzana n'chiyani kwenikweni?

Ndi zomera zimene sizinayambire m'dera limene zikupezeka lero, koma zinafikamo kalekale chifukwa cha anthu, kaya mwadala kaya mwangozi, kenako zinakhazikika mpaka zina n'kumadzimerera zokha popanda wozibzala. Akatswiri a zomera amazitcha archaeophyte, mawu ochokera ku Chigiriki amene akuphatikiza liwu lotanthauza chinthu chakale ndi liwu lotanthauza chomera. Martin Rikli, katswiri wa zomera wa ku Switzerland, ndiye anagwiritsa ntchito mawuwa m'chaka cha 1903, ndipo Albert Thellung, katswiri winanso wa m'dziko lomwelo, anapitiriza ntchito yosanja zomera zobwera m'magulu.

Pa kasanjidwe kameneka pali magulu atatu. Loyamba ndi la zomera zimene zinafika zokha, motengedwa ndi mphepo, madzi, mbalame kapena nyama, ndipo izi ndizo mbadwa. Lachiwiri ndi la zobwera zamakedzana, ndipo lachitatu ndi la zobwera zatsopano, zimene zimatchedwa neophyte. Chofunika kukumbukira n'chakuti ulendo wa chomera umayesedwa potengera malo: chomera chimodzimodzicho chikhoza kukhala mbadwa kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, n'kukhala chobwera chamakedzana ku Britain, n'kukhalanso chobwera chatsopano ku Australia. Akatswiri ena amasunga dzinali pa zomera zokhazo zimene zinathawa m'munda n'kumadzimerera, koma pano tikuphatikizamo ndi mbewu zolimidwa, popeza nkhani ya udzu ndi nkhani ya mbewu siingalekanitsidwe.

N'chifukwa chiyani malire a "kale" amaikidwa pa chaka cha 1492 kapena 1500?

Chifukwa ulendo wa Christopher Columbus wa mu 1492 unatsegula njira ya zombo pakati pa America ndi mbali zina za dziko lapansi, ndipo kuyambira pamenepo zomera zinayamba kuyenda mwaliwiro komanso mochuluka kuposa ndi kale lonse. Nthawi imeneyo isanafike, chomera chinkatha zaka mazana ambiri chikuyenda kuchokera m'munda wina kupita m'munda wina, chikuzolowera nthaka ndi nyengo pang'onopang'ono, pamene itadutsa nthawiyo chinkawoloka nyanja yaikulu m'miyezi yowerengeka. Ku Britain amawerengera pa 1500, ndipo m'mayiko ambiri a pakati pa Ulaya amawerengera pa 1492 kapena 1500.

Malirewa anakonzedwa poganizira Ulaya, choncho sakwanira kulikonse. Ku Hawaii chaka chimene chimalekanitsa zakale ndi zatsopano ndi 1778, pamene James Cook anafika pa zilumbazo, ndipo ku Australia ambiri amawerengera pa 1788, chaka chimene Angerezi anayamba kukhazikika ku Sydney. Ku Japan, Fumio Maekawa anatchula mu 1943 gulu la zomera zimene zinabwera ndi ulimi wa mpunga ndi mbewu zina anthu asanayambe kulemba mbiri. Palibe chimene chinasintha m'thupi la chomera chilichonse m'zaka zimenezi. Zakazo ndi zizindikiro za mbiri ya anthu.

Kodi zomerazi zinkayenda bwanji kalelo, kulibe ndege kapena zombo zikuluzikulu?

Njira yaikulu kuposa zonse inali ulimi weniweniwo. Tirigu ndi balere zinayamba kulimidwa zaka zoposa 10,000 zapitazo m'chigawo chimene lero muli mayiko a Turkey, Syria, Iraq, Iran, Jordan ndi Israel, ndipo alimi akamasamuka ankasenza mbewu zawo. Mwa njira imeneyi tirigu anafika ku Greece, anakwera motsata mtsinje wa Danube, ndipo anafika ku Britain cha m'ma 4000 Yesu asanabadwe. Anapitanso kum'mawa mpaka ku China, pamene mtundu wina wa mawere a ku China unayenda mobwerera mpaka ku Ulaya.

Njira ina inali malonda ndi zofuna za mafumu. Pa makoma a kachisi wa ku Deir el-Bahari m'dziko la Egypt pali zithunzi zosema zosonyeza amalinyero a mfumukazi Hatshepsut, zaka pafupifupi 3,500 zapitazo, akukweza m'zombo mitengo yamoyo ya zofukiza yochokera ku dziko la Punt, mizu yake ili m'madengu pamodzi ndi dothi. Chithunzi chimenechi n'chogwira mtima chifukwa chikuonetsa kuti anthu akale ankadziwa bwino lomwe kuti mtengo umasamutsidwa ndi nthaka yake. Aroma, amene analamulira mbali yaikulu ya Britain kuyambira m'chaka cha 43 mpaka cha m'ma 410 Yesu atabadwa, anafalitsa ndiwo zamasamba, zonunkhiritsa ndi zitsamba zamankhwala, ndipo chomera chotchedwa alexanders, chimene ankachidya ngati ndiwo, chimamerabe chokha m'mbali mwa misewu ya kufupi ndi nyanja. Pambuyo pake amonke ankalima zitsamba zochizira m'minda ya nyumba zawo, ndipo zina mwa izo zimapezekabe pa mabwinja a nyumbazo. Aarabu atalowa ku Spain mu 711, mpunga, nzimbe, thonje, mabiringano ndi malalanje owawasa zinafala m'minda yothirira ya kumeneko.

Komabe zomera zochuluka kwambiri m'gululi sizinaitanidwe ndi munthu aliyense. Zinabisala m'thumba la mbewu, m'chakudya cha ziweto, mu ubweya wa nkhosa ndi m'matope a m'ziboda.

Zingatheke bwanji kuti mlimi asenze udzu zaka zikwi zambiri osauchotsa?

Mlimi ankauchotsa ndithu, ndipo kuchotsako ndi kumene kunaphunzitsa udzuwo kubisala. Akamapalira, ankazula udzu umene ukuoneka mosiyana ndi mbewu yake n'kusiya wofanana nayo. Akamapeta ndi kusefa, njere zopepuka kapena zazing'ono zinkatayika, koma zolingana ndi tirigu kukula ndi kulemera kwake zinkatsalira m'nkhokwe, n'kudzafesedwanso chaka chotsatira. Izi zikachitika mibadwo mazanamazana, udzu umasanduka chithunzi cha mbewu imene ukukhala nayo, ndipo umakhwima nthawi imodzi ndi mbewuyo kuti ukololedwe pamodzi. Katswiri wa ku Russia, Nikolai Vavilov, anafotokoza bwino zimenezi, ndipo kutsanzira kotereku kumatchedwa ndi dzina lake.

Chitsanzo chodziwika ndi udzu wotchedwa Lolium temulentum, umene ambiri amavomereza kuti ndiwo wotchulidwa m'fanizo la tirigu ndi namsongole pa Mateyu 13. Ukakhala waung'ono sungasiyanitsidwe ndi tirigu, ndipo njere zake zikasakanikirana ndi ufa zimachititsa chizungulire ndi kudwala. Chodabwitsa china n'chakuti udzu wina unakwezedwa n'kukhala mbewu. Vavilov anaonetsa kuti rye ndi oats, mbewu ziwiri za m'gulu la tirigu, zinayamba ngati udzu wa m'minda ya tirigu ndi balere, koma ulimi utafika ku madera ozizira ndi a nthaka yosauka, kumene tirigu ankalephera, udzuwo unkachita bwino, mpaka alimi anayamba kuulima mwadala.

Akatswiri amadziwa bwanji kuti chomera chinachita kubwera, pamene palibe amene analemba tsiku limene chinafika?

Umboni wamphamvu kwambiri umachokera pansi pa nthaka. Njere zikapserera pamoto popanda kusanduka phulusa zimakhala zaka zikwi zambiri osaola, ndipo ofukula zinthu zakale amazipeza m'malo osonkhapo moto, m'maenje otayamo zinyalala ndi m'nkhokwe zimene zinapsa. Msinkhu wa njerezo umayezedwa poona kuchuluka kwa mtundu wina wa kaboni umene umachepa m'kupita kwa nthawi. Mungu wa maluwa nawo umasungika m'matope a pansi pa nyanja ndi m'madambo, wosanjikizana chaka ndi chaka, kotero kuti ngati mungu wa chomera china ulibe m'matope a nthawi imene kunalibe alimi, koma ukuyamba kuoneka pamodzi ndi mungu wa tirigu ndi makala a nkhalango zotenthedwa, pamakhala chifukwa chomveka chonenera kuti chomeracho chinabwera ndi ulimi. Zomera zina, monga nthochi, zimasiya timiyala tosaoneka ndi maso timene timapangika m'masamba, ndipo timiyalato timatsala masamba ataola. Ngakhale mbiya zimachitira umboni: m'chigwa cha Tilemsi ku Mali munapezeka mapale a zaka pafupifupi 4,500 okhala ndi zidindo za mankhusu a mchewere amene oumba ankasakaniza ndi dongo.

Umboni wina uli pa khalidwe la chomeracho. Ngati chimangopezeka m'minda, m'mbali mwa njira, pa mabwinja ndi pa zitunda za zinyalala, osapezeka konse m'nkhalango kapena m'dambo limene anthu sanalisokoneze, chimakayikitsa. Ngati abale ake akutchire onse ali ku chigawo china cha dziko lapansi, chikayikocho chimakula, ndipo iyi ndi njira imene Alphonse de Candolle anaidalira kwambiri m'zaka za m'ma 1880 pofufuza kwawo kwa mbewu zolimidwa. Masiku ano DNA imawonjezerapo, chifukwa kwawo kwa chomera kumakhala mitundu yambiri yosiyanasiyana, pamene kumene chinachita kupita kumakhala mitundu yochepa yofanana. Ku Japan kuli duwa lofiira lotchedwa higanbana limene limamera m'malire a minda ya mpunga ndi kumanda. La kumeneko silibereka njere, limafala ndi mitu yake yapansi yonga anyezi, pamene ku China kuli mitundu yake yobereka njere. Chomera chotere sichikanawoloka nyanja popanda dzanja la munthu.

Umboni umodzi pawokha sukwanira, ndipo nkhani zimene zabwerezedwa kwa nthawi yaitali zimafunika kuziunikanso. Kwa zaka zambiri mabuku ankanena kuti Aroma ndiwo anabweretsa mtengo wa sweet chestnut ku Britain, koma akatswiri ataunikanso zimene zinafukulidwa anapeza kuti umboni wa zimenezi ndi wofooka. N'chifukwa chake ofufuza amene anasindikiza mndandanda wa zomera 157 za ku Britain mu 2004 anazitcha zomera zimene zikuoneka kuti ndi zobwera zamakedzana, sanalumbire.

Kodi dzina la chomera lingatiuze kumene chinachokera?

Nthawi zina limathandiza, monga mmene mayina a Chisipanishi a mpunga, shuga ndi thonje, omwe ndi arroz, azúcar ndi algodón, amasonyezera kuti anadzera m'Chiarabu. Koma dzina kawirikawiri limangotchula amene anapereka chomeracho komalizira, osati kwawo kwenikweni. Aroma ankatcha pichesi chipatso cha ku Persia, ndipo dzina lake la sayansi likadali Prunus persica, pamene kwawo kwa pichesi ndi ku China. Dzina la bwemba m'zinenero zambiri limachokera ku mawu a Chiarabu akuti tamr hindi, kutanthauza tende wa ku India, koma mtengowu umamera wokha m'madera ouma a mu Africa, ndipo akatswiri ambiri amati kwawo n'kumeneko. Chimanga, chimene kwawo ndi ku Mexico, Aswahili amachitcha mahindi, ngati kuti n'cha ku India, ndipo anthu a ku Italy amachitcha granturco, tirigu wa ku Turkey.

Nanga Africa inalandira chiyani m'nthawi zamakedzana, ndipo inapereka chiyani?

Mlendo wamkulu kuposa onse ndi nthochi. Makolo ake akutchire ali kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi ku New Guinea, kumene malo otchedwa Kuk ali ndi umboni wa kulima nthochi wa zaka pafupifupi 7,000. Nthochi zodyedwa sizibereka njere zomera, choncho chilichonse chimene chinafika mu Africa chinafika ngati mwana wa nthochi wokumbidwa pa tsinde la make, wosungidwa wamoyo pa ulendo wautali wa panyanja. Pa malo otchedwa Nkang ku Cameroon panapezeka timiyala ta m'masamba a nthochi ta zaka pafupifupi 2,500, ngakhale kuti akatswiri ena amatsutsa umboni umenewu. Chosatsutsika n'chakuti nthochi zinakhalitsa mu Africa mpaka kubala mitundu yambirimbiri yosapezeka ku Asia, makamaka nthochi zophika za ku mapiri a Uganda, Rwanda, Burundi ndi kumpoto kwa Tanzania, komanso za m'nkhalango za ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa. Ndani angauze mlimi wa ku Buganda, m'dziko la Uganda, kuti nthochi ndi yachilendo?

Koko, nzimbe, kokonati ndi mpunga wa ku Asia nazo zinadzera pa nyanja ya India, mothandizidwa ndi mphepo zimene zimawomba molowera mbali imodzi miyezi ingapo kenako n'kutembenuka. Ku Madagascar ndi ku zilumba za Comoros ofukula anapeza njere za mpunga wa ku Asia za m'zaka za pakati pa 700 ndi 1000, ndipo izi zimagwirizana ndi chinenero cha Chimalagasi, chimene m'bale wake wapafupi amalankhulidwa pa chilumba cha Borneo. Tisaiwale kuti Africa ili ndi mpunga wakewake, Oryza glaberrima, umene unayamba kulimidwa kumadzulo, m'chigawo cha mtsinje wa Niger.

Zimene Africa inapereka sizitchulidwa mokwanira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti zili choncho, chifukwa ndi mphatso zazikulu. Mapira, mchewere, mawere ndi khobwe zinafika ku India zaka zapakati pa 3,000 ndi 4,000 zapitazo, ndipo zinakhazikika kwambiri moti lero zili ndi mayina a kumeneko: mapira ndi jowar, mchewere ndi bajra, mawere ndi ragi. India ndiye dziko limene limakolola mchewere wochuluka kuposa lina lililonse. Mavwende, amene kwawo ndi kumpoto chakum'mawa kwa Africa, anayenda mpaka ku China, kumene dzina lawo limatanthauza vwende la kumadzulo. Ngakhale mlambe umapezeka ku India, makamaka m'madera amene amalonda a pa nyanja ankafikako.

Kodi chimanga, chinangwa ndi mtedza nazo ndi zobwera zamakedzana mu Africa?

Ayi. Chimanga, chinangwa, mtedza, mbatata, nyemba, maungu, tomato, fodya, mapapaya, magwafa ndi zinanazi kwawo ndi ku America, ndipo zinafika mu Africa, ku Ulaya ndi ku Asia 1492 itadutsa, choncho ndi zobwera zatsopano ngakhale zakhala zaka mazana anayi kapena asanu. Mkati mwa America momwemo nkhani ndi ina: chimanga chinayamba kulimidwa m'chigwa cha mtsinje wa Balsas ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo chinafika kum'mwera chakumadzulo kwa dziko limene lero ndi United States zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Kumeneko chikhoza kutchedwa chobwera chamakedzana.

Kodi n'zoona kuti mbatata inawoloka nyanja ya Pacific Azungu asanafike?

Umboni ukusonyeza choncho. Zidutswa zopserera za mbatata zinapezeka pa chilumba cha Mangaia, chimodzi mwa zilumba za Cook, ndipo ndi za zaka 700 kapena kuposerapo, Columbus asanabadwe n'komwe. Amaori a ku New Zealand amatcha mbatata kumara, dzina lofanana kwambiri ndi lakuti kumar limene limapezeka m'Chikechua cha ku mapiri a Andes. Ofufuza ena amati mbatata ikhoza kukhala kuti inawoloka yokha, koma kufanana kwa mayinaku n'kovuta kukufotokoza popanda anthu kukumana.

Anthu a ku Polynesia anali akatswiri osamutsa zomera. Akamapita kukakhala pa chilumba chatsopano ankakweza m'mabwato awo koko, zilazi, nthochi, nzimbe, kokonati, mtengo wa breadfruit ndi zina, ndipo ku Hawaii kokha anafikitsako mitundu yoposa 20. Mtengo wa kukui, umene mafuta a njere zake ankawayatsa ngati nyale, unakhazikika m'zigwa za zilumbazo mpaka mu 1959 unasankhidwa kukhala mtengo woimira boma la Hawaii, ngakhale kuti unafika pabwato.

Kodi chomera sichingayende chokha mtunda wautali chotero?

Chikhoza, ndipo apa ndi pamene pamafunika kusamala. Mphonda kwawo ndi mu Africa, koma zinkapezeka kale ku America zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo kafukufuku wa DNA akusonyeza kuti mwina zinayandama pa nyanja ya Atlantic, popeza chipanda chouma chimatha miyezi yambiri pamadzi amchere njere zake zili zamoyo. Ngati ndi choncho, mphonda si yobwera ndi anthu ku America. Kokonati naye amayandama komanso ankanyamulidwa ndi anthu, moti njira ziwirizi zinasakanikirana. Zamoyo zimene sizidziwika ngati ndi mbadwa kapena zobwera zili ndi gulu lawo, ndipo akatswiri amazitcha cryptogenic, kutanthauza za chiyambi chobisika.

Chomera chikakhala m'dziko zaka zikwi zambiri, sichisanduka mbadwa?

Kwa katswiri wa zomera sichisanduka, chifukwa iye amayang'ana njira imene chinafikira, osati zaka zimene chakhala. Pafupifupi zomera zonse za ku Britain zinafika nyengo ya madzi oundana itatha, zaka pafupifupi 11,700 zapitazo, zambiri zikudutsa pa mtunda umene unkalumikiza chilumbachi ndi Ulaya nyanja isanaumize. Ndiye kuti mtengo umene ukutchedwa mbadwa ukhoza kuposa udzu wobwera ndi alimi oyamba ndi zaka zikwi zochepa chabe. Kusiyanitsaku kuli ndi phindu pofuna kudziwa mmene chilengedwe chinalili anthu asanachisinthe.

Koma m'moyo wa anthu, ndiponso m'moyo wa tizilombo ndi mbalame, zaka zimawerengedwa. Chomera chimene chakhala zaka 3,000 chili ndi njuchi zimene zimachiyendera, mbozi zimene zimachidya, matenda amene amachigwira, dzina m'chinenero cha anthu ndi malo m'nyimbo zawo. Duwa lobiriwira ngati thambo lotchedwa cornflower, limene linafala ndi minda ya tirigu ndi rye, ndi duwa la fuko la Estonia. Kuona kwathu n'kwakuti dzina lakuti zobwera zamakedzana n'lofunika chifukwa limanena zoona ziwiri nthawi imodzi: chomeracho sichinayambire pamalopo, komanso si chachilendonso.

Kodi zomerazi zimawononga chilengedwe monga zimachitira zobwera zatsopano?

Zambiri siziwononga kwenikweni, chifukwa zimadalira nthaka yogalauzidwa ndi khasu kapena pulawo, ndipo munda ukasiyidwa n'kumera tchire zimagonja kwa zomera za pamalopo. Zakhalanso nthawi yaitali moti adani awo achilengedwe anazipeza. Komabe zilipo zovutitsa. Bango lalikulu lotchedwa Arundo donax, limene linabwera ku Mediterranean kuchokera ku Asia kalekale, silibereka njere zomera kumeneko koma limafala ndi mizu, ndipo limadzaza magombe a mitsinje n'kutsamwitsa zomera zina. Chomera cha ground elder, chimene kale chinkalimidwa ngati ndiwo ndi mankhwala a kutupa kwa mfundo, lero ndi udzu wovuta kwambiri kuuthetsa m'minda ya maluwa ku Britain.

Palinso mfundo ina imene ambiri saiganizira. Udzu umene unakhala ndi alimi a ku Ulaya ndi Asia kwa zaka zikwi zambiri unazolowera pulawo, ziweto ndi kukolola, choncho utafika ku America ndi ku Australia pamodzi ndi ulimi womwewo unali wokonzeka kale, ndipo unafala mwamphamvu kuposa mmene unkachitira kumene unachokera.

N'chifukwa chiyani zina mwa zomerazi zikutha?

Chifukwa ulimi umene unazibweretsa ndi kuzisunga unasintha. Duwa la corncockle linali lofala m'minda ya tirigu ku Ulaya konse, koma njere zake sizikhalitsa m'nthaka, ndipo linkadalira kukololedwa pamodzi ndi tirigu n'kufesedwanso. Makina oyeretsa mbewu atayamba kuchotsa njere zake zakudazo, zimene zilinso ndi poizoni, duwalo linasowa pafupifupi m'minda yonse ya ku Britain. Mankhwala opha udzu, amene anafala kuyambira m'zaka za m'ma 1940, pamodzi ndi feteleza wochuluka amene amachititsa tirigu kuthithikana n'kuphimba kuwala, anamaliza zotsala. Udzu umene unkamera m'minda ya fulakesi yokha, mbewu yopangira ulusi wa nsalu, unasowa pamene alimi anasiya kulima fulakesi, ndipo chomera chotchedwa thorow-wax chinatheratu m'minda ya ku Britain.

Duwa lofiira la poppy linapulumuka chifukwa njere zake zimagona m'nthaka zaka makumi ambiri kudikira tsiku limene nthakayo idzagalauzidwe. N'chifukwa chake linamera mochuluka m'minda ya ku Flanders, m'dziko la Belgium, imene inakumbidwa ndi mabomba pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo linasanduka chizindikiro chokumbukira asilikali amene anafa.

Kodi n'koyenera kuteteza chomera chimene si mbadwa, chimenenso mlimi amachiona ngati udzu?

Mlimi amene amachotsa njere zapoizoni m'mbewu yake akuchita bwino, ndipo palibe amene ayenera kumudzudzula. Koma kutheratu kwa zomerazi n'kutaya kwenikweni, pa zifukwa zingapo. Zina mwa izo zikuchepanso kwawo kumene zinachokera, ndipo zina zinasintha kwambiri chifukwa chokhala ndi alimi moti zilibenso kwawo kwina kupatula m'munda. Maluwa ake amadyetsa njuchi ndi tizilombo tina tonyamula mungu, ndipo njere zake zimadyetsa mbalame za m'minda. Kuwonjezera apo, chomera chilichonse chotere ndi mboni yamoyo ya ulendo wa anthu amene sanasiye zolemba.

Mayiko ena anavomereza zimenezi. Mndandanda wa zomera zimene zili pangozi ku Britain wa mu 2005 unaphatikizamo zobwera zamakedzana pamodzi ndi mbadwa, koma unasiya zobwera zatsopano. Ku Germany, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alimi ena akhala akulipidwa kuti asapopere mankhwala m'mphepete mwa minda yawo, kuti maluwa a m'munda apeze pokhala popanda kuwononga zokolola zonse. Pa mbewu zolimidwa, nkhokwe zosungira njere, monga ya ku zilumba za Svalbard ku Norway imene inatsegulidwa mu 2008, zimasunga mitundu yakale, ngakhale kuti nthochi ndi koko, zimene zimafalitsidwa ndi ana kapena mitu, zimafunika kusungidwa zamoyo m'minda kapena m'malabotale.

Ngati anthu akale ankanyamula zomera momasuka ndipo zinawapindulira, n'chifukwa chiyani lero pali malamulo okhwima pa malire a mayiko?

Zomera zobwera zamakedzana zimene tikuona lero ndi zotsala pa kusefa kwa zaka zikwi zambiri, ndipo sitinaone ndi maso athu zimene zinawonongeka pamene zinkakhazikika. Ulendo wa kale unalinso wautali, kotero kuti tizilombo ndi matenda ambiri ankafera m'njira, pamene lero chomera chimachoka ku chigawo china cha dziko lapansi n'kufika ku china m'tsiku limodzi, dothi ndi tizilombo take zili zamoyo. Sitima zapamadzi zoyendera nthunzi zitafupikitsa ulendo wa pa Atlantic, kachilombo ka phylloxera kanafika ku France m'zaka za m'ma 1860 pa mizu ya mpesa wochokera ku America, ndipo kanawononga gawo lalikulu la minda ya mpesa ya ku Ulaya. Tsoka limenelo ndi limene linachititsa mayiko kugwirizana pa malamulo oyamba oyendera zomera pa malire, ndipo mgwirizano wa mayiko woteteza zomera umene ukugwira ntchito lero unakhazikitsidwa mu 1951.

Zomera zenizenizo nazo zasonyeza zimene zingachite zikafika kumene zilibe mdani. Namasupuni, amene kwawo ndi ku South America ndipo anafalitsidwa chifukwa cha kukongola kwa maluwa ake, anaphimba madoko a nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1990 mpaka mabwato a asodzi ndi zombo kulephera kutuluka. Ku Australia, chomera chaminga cha prickly pear chinali chitadzaza mahekitala pafupifupi 24 miliyoni ku Queensland ndi New South Wales pofika cha m'ma 1925, ndipo alimi ambiri anathawa minda yawo. Chinagonja pokhapokha akatswiri atapita ku Argentina kukatenga gulugufe wotchedwa Cactoblastis, amene mbozi zake zimadya chomeracho, n'kuyamba kumumwaza m'minda mu 1926.